Tsiku Limene Ndinagwada ndi Chitsulo M'chiuno

Ikani mafoni pansi. Iwenso Dalitso ndakuona, wabisa yako pansi pa ntchafu ngati ndine wakhungu. Mwendo ndi umene unandithera, maso ndili nawo. Dzulo ndinakumvani kuseri kwa nyumba mukuyesezera kayendedwe kanga, wina akuti tsimphi tsimphi, enanu mukufa ndi phwete. Zimenezo sizinandipweteke kwenikweni, ana ndi ana, ngakhale akulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Chimene chandiwawa ndi nkhani imene m'bale wanuyu Mada wabwera nayo kuchokera ku Matero, kwa aNabanda, mlongo wawo wa agogo anu aamuna. Akuti ine ndinatsala pang'ono kupha mwamuna wanga ndi njala chifukwa cha kunyada. Ine! Ndiye khalani pansi mumve kwa mwini mwendo. Koma musasokose, agogo anu aamunawo, ba Shikulu monga mumawatchulira, akugona m'chipindamo.

Inu ndinu ana a Lusaka, pakamwa panu pamangotuluka "vinthu" ndi "manje manje." Koma bambo anga anachokera ku Ntcheu wapansi, kamphasa kali kumsana, kudzafuna ntchito m'mafamu. Anati adzabwerera chaka chamawa. Chaka chamawacho sichinafike, anafera konkuno ali mtchona. Bambo a agogo anu aamuna nawonso anali mtchona, wa ku Dedza. Makolo athuwo anasiya minda ndi manda kwawo, koma mwambo anaunyamula wonse, ndipo atafika kuno anaugwiritsitsa kuposa eni ake amene anatsala kumudzi. Mayi anga ankati mwana wa Mnyasa asachititse manyazi pakati pa mitundu. Ndiye ine ndinadziwa kugwada ndisanadziwe kulemba dzina langa.

Nditakwatiwa ndi aBanda tinamanga kuno ku Kanyama, kusanadzaze chonchi. Kuyambira tsiku loyamba, madzi osamba m'manja ndinkapereka chogwada. Chakudya chogwada. Tiyi chogwada. Ngakhale kuwauza kuti pakhomo pali mlendo, ndinkayamba ndagwada. Ndili ndi pakati pa Yobu, bambo ako iwe Dalitso, mimba ili uko, ndinkagwada pa simenti yozizira n'kudzuka mogwira khoma. Ndisawanamizire, sanali munthu womenya, sanandikhudzepo ndi dzanja ngakhale kamodzi. Koma chakudya choperekedwa ndi munthu woimirira sankachilawa, ankati chimenecho n'choponyera galu. Ndiponso sankadya za m'manja mwa munthu wina aliyense. Mkulu wawo anamwalira atadya pa phwando lina, anthu n'kumanena zambiri, ndiye kuyambira pamenepo iwo ankadya zokhazo zimene ndawapatsa ine.

Ntchito yawo inali ya malata. Inu mumadziwa ndowa zapulasitiki izi, zong'ambika zikangoona dzuwa. Agogo anu ankadula mgolo n'kutulutsamo mbaula zinayi. Ankapanga ndowa, mabafa, nyale za koloboyi, ndi zida zitatu zokha: nyundo, tchizulo, ndi kachidutswa ka njanji kokhomerapo. Tsiku lonse ngwe ngwe ngwe, mpaka makutu anga anazolowera, moti Lamlungu ndinkaona ngati pakhomo pachitika maliro. Ine ndinkasenza mbaulazo kupita nazo kumsika, pobwera thumba la makala lili pamutu, madzulo kukatunga madzi kutali. Chiuno chimenechi chagwira ntchito, musamachione chopindikachi.

Zaka zinayi zapitazo mutu wawo unayamba kutayikira. Poyamba tinkaseka. Sopo ankamuika m'nsapato, Yobu ankamutchula dzina la mkulu wawo womwalira uja. Kenako kuseka kunatha, tsiku limene anatenga tchizulo n'kuyamba kudula chitseko chathu chachitsulo, akuti pali munthu waitanitsa mbaula. Kuchipatala anati ndi dimensha, matenda oiwala, ndipo mankhwala ochiza palibe. Za anthu a m'komboni muno amene ankanong'ona za ufiti ndisaziyambe, ndingatukwane pamaso pa ana. Mmodzimmodzi munagwa m'mutu mwawo. Anagwa Yobu, anagwa Esitere, azakhali anu a ku Kitwe, inu zidzukulu ndiye munagwa kalekale. Ndinatsala ndekha. Ankanditchula bwinobwino, Nangozo, ndipo ndinkanyadira mumtima kuti nkhope yanga yokha ndiyo yakana kufufutika. Ndinkadzinamiza.

Chaka chatha mvula ya Febuluwale mukuikumbukira. Kanyama ndi thanthwe, madzi salowa pansi, amangoima n'kumanunkha. Tinali titaika mabuloko kuchokera pakhomo mpaka kumsewu kuti tiziponda. Tsiku limenelo ndinangotembenuka kuti ndiphule madzi a tiyi, agogo anu atuluka pageti, akuti akupita kumsika. Ndinawathamangira. Buloko lachitatu linali ndi ndere, phazi linangoti tsee, ine pansi khu! Ndinamva fupa likuthyoka. Anandinyamula pa wilibala mpaka pamene galimoto imafika. Kuchipatala chachikulu anandichita opaleshoni, anachotsa mutu wa fupa la m'chiuno n'kuikamo chitsulo. Ndinagonako masiku khumi ndi awiri.

Ponditulutsa, dokotala wake, mtsikana wamng'ono ngati Mada yemweyu koma wolankhula zomveka, anandipatsa malamulo. Kwa miyezi itatu osawerama, osakhala pa mpando waufupi, osapingasa miyendo, ndipo koposa zonse osagwada. Anati mnofu sunagwire, ndikapinda kwambiri chitsulo chidzaguluka m'malo mwake, ndipo chikaguluka kamodzi mwendo sukhalanso ngati kale. Anabwereza kawiri, akundiyang'ana m'maso. Anandipatsa chitsulo choyendera cha miyendo inayi chija mumaseweretsachi. Kenako anafunsa kuti kunyumba adzandisamala ndani. Ndinaseka mpaka bala linawawa.

Ndili kuchipatala Esitere anabwera kuchokera ku Kitwe. Mwanayo anatenga nkhope yanga, ndiye akagwada bambo ake ankamuyesa ine, n'kudya pang'ono. Koma ndi mphunzitsi, masiku amene anamupatsa anatha. Ine ndinafika Loweruka, iye ananyamuka Lamlungu m'mawa.

Masana a Lamlungu lomwelo bana Mulenga, mnansi wathu wa kuseriyu, anandiphikira mpunga ndi nyemba. Mayi ameneyu ndi Mbemba, si mbale wanga, koma wandichitira zimene abale sanachite. Ndinaika mbale m'kathumba, ndinakoleka pa chitsulo choyendera, gwe gwe mpaka pa mpando wa agogo anu. Ndinaima patsogolo pawo n'kutambasula mbale. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Mayi, mwasochera?" anatero. "Mkazi wanga kulibe, wachokapo."

Ndinati ndine Nangozo. Anapukusa mutu mwaulemu ndithu, ngati akulankhula ndi wogulitsa tomato, n'kunena kuti adya mkazi wawo akabwera. Pamenepo mpamene ndinazindikira. Zaka zonsezo sankadziwa nkhope yanga ayi. Ankadziwa mkazi wogwada. Ana inu, ndinapsa mtima moti nyemba zinatayikira pa chitenje. Ndinawaberekera ana asanu ndi mmodzi, awiri ndinaika m'manda, ndipo chimene chinatsala m'mutu mwawo chinali maondo anga.

Lolemba sanadye. Lachiwiri sanadye. Madzi okha ankatunga okha m'ndowa n'kumwa. Mkazi wa Yobu anabwera kuchokera ku Chawama, anagwada bwinobwino mwana wa eni, iwo anati samudziwa, achotse zimenezo. Bana Mulenga anagwada, mbale inaponyedwa kukhoma. Ine ndinayesa zonse. Ndinavala chitenje chakale chimene ankachikonda. Ndinakhala pambali pawo pa mpando wanga wautali n'kuimba nyimbo ya kutchalitchi, iwo n'kumaimba nawo mavesi onse osaphonya, koma ndikangotambasula supuni pakamwa tseke. Yobu anapita nawo kukiliniki, anawaika diripi, iwo anaizula, anamwino anati kawadyetseni kunyumba. Kawadyetseni! Ngati sitinaganizepo.

Lachitatu ndinaganiza nzeru. Ndinati ngati ine sindingatsike, iwo akwere. Ndinauza Yobu kuti asanje mabuloko pabalaza, awiriawiri, n'kuikapo mpando wa bambo ake, kuti ine ndikakhala pa mpando wanga ndikhale m'munsi. Mukuseka? Nanenso ndinkaona ngati ndapeza mankhwala. Koma ndinaiwala kuti munthuyu wakhala ku Kanyama moyo wake wonse, ndipo kuno mpando umakwera pa mabuloko pa chifukwa chimodzi chokha. Atangowakhazika anayamba kukuwa kuti madzi alowa, tulutsani ana, nyamulani zida. Anafuna kudumpha, Yobu anawagwira m'malere. Analira ngati mwana, ndipo tsiku lonselo ankangoyang'ana pansi pa chitseko.

Lachinayi ndiye kunabwera aNabanda, ndi amayi awiri a kutchalitchi kwawo. Atangolowa anapempha mpando wa khushoni, akuti maondo awo salola kukhala pamphasa. Muzikumbukire zimenezo. Anayang'ana mlongo wawo, thalauzi likugwa m'chiuno, analira pang'ono, kenako anatembenukira kwa ine. Anati mkazi wolangidwa bwino sawerengera ululu pamaso pa mwamuna wake. Anati amayi athu ankagwada tsiku lomwe abereka. Anati kuyambira pamene ndinaikidwa chitsulo cha azungu ndayamba kudzimva, ndikumvera kamtsikana ka kuchipatala kuposa mwambo umene unandilera.

"Gwadani, mlamu," anatero. "Mlongo wanga akafa, mudziwe kuti mwamupha ndinu."

Ndinawafunsa kuti nanga iwo, magazi amodzi, bwanji osagwada n'kuyesa. Anati imeneyo si ntchito ya mlongo, ndiponso ndikudziwa kale za maondo awo. Ha! Ndinawauza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, iwo m'mimba simukuwawa, akungolankhula. Ndinawauzanso zina zimene sindingabwereze pano, mpaka amayi a kutchalitchi aja anayamba nyimbo kuti mawu anga asamveke kunja. Koma chimene chinandilasa si aNabanda. Anali Yobu, mwana wanga, amene anamva yekha dokotala akulankhula. Anaima pakhomo akusewera ndi makiyi a minibasi, n'kunena chapansipansi.

"Mami, gwadani chabe pang'ono. Si vovuta."

Si vovuta. Dalitso, usagwetse nkhope, bambo ako ndinawakhululukira, koma kuiwala sindinaiwale. Ndinawathamangitsa onse. Ndipo ndikuuzeni zoona, popeza ndalonjeza zoona: ndinakana chifukwa cha mantha, inde, koma munalinso mkwiyo. M'nyumba yodzaza anthu simunapezeke ngakhale mmodzi wofunsa kuti nanga mwendo wa mayiyu. Mumtima ndinati moyo wanga wonse ndagwada, miyezi itatu yokha ndaipempha, ndipo akundimana. Kumeneko ngati ndiko kunyada, chabwino, ndinanyada tsiku limodzi.

Lachisanu m'mawa agogo anu analephera kufika pa ndowa. Milomo inali itang'ambika, maso atalowa. Ndinawapatsa kapu ya madzi, anakana. Anandiyang'ana ndi ulemu womwe uja n'kundifunsa ngati ndamuonako mkazi wawo kumsika, wamfupi, wakuda, dzina lake Nangozo. Anati ndikamuona ndimuuze kuti abwere, njala yawapweteka. Anati sanachedwepo chonchi, mwina wagwa m'madzi.

Ndinatukwana. Ndinatukwana matendawo, ndinatukwana aNabanda, ndinatukwana mayi anga ali m'manda, Mulungu andikhululukire. Bana Mulenga anali atapita kumsika, koma anali atandiikira mbaula patebulo kuti ndisamawerame. Ndinasenda mbatata, ndinathira nsinjiro, ndinaphika futali, chakudya chimene munthuyu sanachikanepo chibadwire. Inu mumati n'chakumudzi, mumafuna tchipisi. Ndinaika mbale pa kampando pafupi nawo. Ndikanatha kuitana munthu woti andigwire, koma ndinali nditakwiya kwambiri moti sindinafune kuti wina aliyense aone ndikuchita zimene aNabanda analamula. Ndinagwira chitsulo choyendera ndi manja onse, ndinatsitsa bondo labwino, kenako linalo. Ululu wake sindingaufotokoze, thukuta linangoti chuu. Koma ndinafika pansi, ndinatenga mbale, ndinaikweza ndi manja awiri.

Nkhope yawo inatseguka pomwepo.

"Iwe Nangozo, unali kuti? Kunabwera mayi wina wamwano pano, ankafuna kundidyetsa choimirira."

Ndinati ndabwera, idyani. Anadya. Futali ankagwera pa malaya, koma anadya mbale yonse n'kupukuta ndi chala. Anamwa makapu awiri a madzi. Ine ndili chigwadire, mano nditaluma, misozi ikutsika, theka la chisoni theka la ukali. Atamaliza anati ndichotse mbale.

Pamenepo mpamene zinavuta. Kutsika kunali kosavuta, kudzuka ndiye nkhani. Ndinakoka chitsulo choyendera, chinatsetsereka pa simenti, thupi linapotoka, ndipo m'chiuno munangoti gwedu. Ndinagwa chammbali. Mwendo unatembenukira mkati, wosamvera. Ndinakuwa, koma masana ku Kanyama ndani angamve, wailesi uku, chigayo uko. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti zimene ananena dokotala zija zachitika.

Agogo anu anandiyang'ana ali pa mpando. Anafunsa kuti bwanji sindikudzuka. Ndinati sindingathe, mwendo wathyoka. Ndinkayembekeza kuti aiwala nthawi yomweyo, ayamba kufunafuna nyundo. Koma anagwira mkono wa mpando, anasendera kutsogolo, ndipo pang'onopang'ono anatsika. Bondo limodzi, kenako linalo. Anagwada pambali panga pa simenti. Anayesa kundinyamula, mphamvu panalibe. Ndiye anavula jekete n'kundiikira kumutu, anatenga kapu ija, munali madzi otsala pang'ono, anaigwira ndi manja awiri n'kuifikitsa pakamwa panga.

"Imwa, Nangozo. Usalire, ndili pompano."

Bana Mulenga anatipeza choncho pobwera kumsika, dzuwa litapendeka. Akuti anayesa kuwadzutsa kuti anthu andinyamule, iwo anakana kuchoka.

Kuchipatala anandigoneka tulo n'kukoka mwendo, chitsulo chinabwerera. Dokotala uja anandikalipira, ndipo nditamuuza chifukwa chake anangowerama n'kumalemba. Koma mwendo sunabwerere mwakale, ndi uwu mumauyesezerawu. Nditabwerera kunyumba anandigoneka pabedi milungu isanu ndi umodzi. Tsiku loyamba lomwe agogo anu analowa m'chipinda, anandiona ndili chigonere, anakhala m'mphepete mwa bedi n'kunditchula dzina, kenako anayamba kudya za m'mbale yanga. Basi. Chinkafunika n'chakuti mutu wanga ukhale m'munsi mwa wawo, ndipo bedi linali pomwepo masiku onse aja. Palibe anaganizapo, ngakhale ine, chifukwa tonse tinaphunzitsidwa njira imodzi yokha. N'chifukwa chake mpaka lero mumandiona ndikudya chogona, inu n'kumati agogo ndi aulesi.

Nkhaniyi inafika kutchalitchi. Amayi a Mvano anabwera kudzandizonda, bana Mulenga n'kuwafotokozera mmene anatipezera. Analulutira. Ena analira, akuti taonani chikondi, aBanda kugwadira mkazi wawo. ANabanda sanabwere, ndipo ku Matero mbali imeneyi sainena. Ine ndinangoti zikomo. Sindikana, pa simenti paja mtima wanga unasungunuka, ndipo madzi aja ndinamwa. Munthuyo ndimamukonda, akadzuka pano ndikagona pabedi kuti adye, mawanso chimodzimodzi, mpaka mmodzi wa ife adzatsogole.

Koma ndinali pansi, ana inu, ndipo ndinaona bwinobwino ndi maso angawa. Maondo awo anapinda onse awiri, osavuta, osalira n'komwe. Zaka makumi asanu ndi chimodzi ndili m'nyumba muno, ndipo munthu uja maondo anali nawo.